Poizoni wa makoswe akumaliza agalu m'makomboni mwathu

Anthu a mu Lusaka, tikambirane za poizoni wa makoswe uyu. Makoswe avuta, sindikukana, mvula ikangoyamba zinyalala n'kudzaza m'ngalande ku Kanyama kapena ku Chawama amalowa mpaka m'thumba la ufa, amadya ndi sopo yemwe. Koma mmene tikuwaphera tikumaliza ndi agalu omwe, ndiye galu akafa timathamangira kunena kuti akuba amuthirira kapena aneba ali ndi kaduka, pomwe chamupha ndi ka kapenta kosakaniza ndi poizoni kamene wina pa yadi pomwepo anaika kuseri kwa chimbudzi osauza munthu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi uja wa m'kabokosi wa mu shopu, timibulu tapinki kapena tabuluu, monga Rattex. Ameneyu sapha pompopompo ayi. Amasokoneza vitamin K m'thupi ndiye magazi amasiya kuundana, galu amadya lero, mawa akusewera bwinobwino, akudya nsima yake, inu n'kumati wapulumuka. Pakapita masiku 3 mpaka 5 mumangoona wafooka, akupuma movutikira, mukakweza mlomo usinini wayera mbee, nthawi zina magazi m'mphuno kapena chimbudzi chakuda bii, apo n'kuti akukha magazi mkati. Chonsecho mankhwala ake alipo, vitamin K1, amamwa milungu 3 kapena 4, ndipo galu amene wafika msanga kwa dokotala wa ziweto nthawi zambiri amachira.

Winayo ndi uja wa timchenga takuda tomangidwa m'kapulasitiki kopanda dzina, amagulitsa m'misika ndi m'mbali mwa msewu. Kawirikawiri amakhala aldicarb, ena amati Temik, mankhwala a kumunda amenewo, sanapangidwire m'nyumba. Uyu ndi wa mphindi zochepa chabe, dovu kuchucha, kunjenjemera, kutsegula m'mimba, galu n'kugwa. Pamafunika jakisoni wa atropine mwachangu, palibe za kudikira kuti kuche.

Ndiye chonde abale, zomwetsa mkaka, saladi, mazira aawisi, zimenezi sizichotsa poizoni, zimangodya nthawi. Madzi amchere ndiye owopsa kale paokha. Makala a pa mbaula si makala amene madokotala amapereka. Nyamulani galu, nyamulaninso kabokosi kapena kapulasitiki kotsalako, chifukwa dokotala akadziwa mtundu wa poizoni amadziwa poyambira. Ku UNZA pa Great East Road kuli sukulu ya madokotala a ziweto yomwe ili ndi kiliniki, ndipo ma vet ena ali m'tauni muno.

Ine maganizo anga ndi akuti pa yadi ya anthu ambiri palibe amene ali ndi ufulu woika poizoni mwakachetechete, kaya ndi alandilodi kaya ndi wa lendi. Uzani anzanu, ikani mkati mwa paipi kapena m'bokosi loti galu sangapise mlomo, m'mawa tolani makoswe akufa muwakwirire mozama chifukwa galu kapena mphaka akawadya naye angathe kudwala. Ndipo pomwe galu wafikapo mwana wokwawa amafikanso, musaiwale. Msampha wa waya ukadalipo pa Soweto Market, chiponde pang'ono khoswe amabwera yekha. A ZEMA ndi amene amayang'anira mankhwala oterewa m'dziko muno, ndiye wogulitsa akakupatsani kapulasitiki kopanda dzina, kopanda malangizo, musiyireni konko.