A ku Tanzania zinyalala akuwetera nkhuku, ife tikungotseka mphuno

Sabata yatha thumba la chakudya cha nkhuku lakweranso mtengo, ndipo potuluka m'sitolo ndinadutsa pa mulu wa kabichi ndi tomato wowola pamsika wa kwathu, fungo lake losayamba. Mtima unandiwawa, chifukwa mulu ngati womwewo ku Dar es Salaam ndi ndalama.

Inu amene mumakapikula katundu ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam, funsani za kampani ya Biobuu. Amatola zotsala za m'misika ndi m'mahotela n'kudyetsa mphutsi za ntchentche yakuda ija ya black soldier fly. Si ntchentche ya kuchimbudzi ayi, iyi siluma ndipo siuluka n'kudzatera pansima. Pakangotha masabata awiri mphutsi zanenepa, amaziumitsa, n'kukhala chakudya cha nkhuku ndi nsomba chokhala ndi mapuloteni pafupifupi 40 peresenti. Zotsala m'mabokosi owetera mphutsizo ndi manyowa okathira kumunda. Kabichi yemwe uja wabwereranso ngati dzira!

Ife zathu zimakathera ku mtaya wa Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe, kukawola ndi kufuka utsi, pomwe mlimi wa nkhuku akulimbirana soya ndi usipa ndi anthu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri tinachepetsa nkhuku m'makola, ena anatsekeratu.

Ndisaname, Dar nayo ili ndi uve wake, mvula ikagwa ngalande zimasefukira zinyalala, ndipo kampani imodzi singathe kusesa mzinda wonsewo. Kunonso ophunzira a ku Bunda ndi ku Mzuni ntchentcheyi akuidziwa, alimi angapo ayamba kuweta. Koma zikungothera pa zionetsero za ulimi ndi m'mapepala. Ku Kenya anakhazikitsa kale muyezo wa chakudya cha ziweto chochokera ku tizilombo mu 2017, wogula amadziwa chomwe akugula.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ife ndi amene sitinayenere kunyansidwa. Ngumbi timakazinga, mphalabungu timagula pa mbale, a ku Zambia nawo mphalabungu zawo zotchedwa finkubala sasewera nazo. Koma ukangotchula mphutsi zodyetsera nkhuku, munthu akwinya nkhope ngati wamutukwana. Manyowa a Mbeya tinawalandira msanga feteleza atadula, midzi yonse ikupanga. Makhonsolo athu angopatula malo pambali pa msika, zowola ziziikidwa pazokha osasakaniza ndi majumbo, achinyamata aziweta mphutsizi pomwepo. Ine thumba loyamba ndidzagula.