Tsidya lino Norham, tsidya ilo Ladykirk

Kumpoto kwenikweni kwa England, m'chigawo cha Northumberland, kuli mudzi wotchedwa Norham. Uli m'mphepete mwa mtsinje wa Tweed, makilomita pafupifupi 11 kuchokera m'tauni ya Berwick-upon-Tweed. Ukaima pagombe n'kuponya maso tsidya, nkhosa zimene zikudya msipu ukozo ndi za ku Scotland, m'dera la Ladykirk. Pamtsinjepo pali mlatho wamiyala womangidwa m'zaka za m'ma 1880. Palibe msilikali, palibe wodinda pasipoti, palibe anyamata osintha ndalama okuthamangira ngati pa Mwami kapena pa Dedza. Kachikwangwani basi. Koma ukangowoloka, malamulo asintha, tchalitchi chasintha, ngakhale poponda phazi lako pasintha.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba chakuno, ndipo ndikakhala pa ofu ndimakonda kukawongola miyendo ku Norham. Mudziwo ndi wooneka bwino, zimenezo n'zosachita kufunsa. Pakati pake pali bwalo la kapinga, pabwalopo pali chipilala chakale cha mtanda, pamwamba pake anaikapo kansomba kachitsulo kosonyeza kolowera mphepo. Nyumba zamiyala zandandalika mbali zonse za msewu. Kumbali ina kuli tchalitchi cha St Cuthbert, chomwe makoma ake ena ndi a m'zaka za m'ma 1100. Manda ali pakhomo penipeni pa tchalitchi, ndipo anthu amadutsamo ndi agalu awo, ena n'kukhala pabenchi kumadya masangweji. Tsiku loyamba thupi linachita tsembwe. Munthu wokulira komwe kumanda sulowako popanda amfumu kudziwa, zoterezi zimatenga nthawi kuti uzizolowere.

Kumapeto kwa mudzi, pamtunda woyang'ana mtsinje, kuli bwinja la linga. Analiyamba mu 1121 ndi Ranulf Flambard, bishopu wa ku Durham. Inde, bishopu. Masiku amenewo mabishopu a ku Durham ankalamulira dera ngati mafumu, ali ndi asilikali awoawo, ndipo ntchito ya lingali inali kulondera powolokera mtsinje kuti a ku Scotland asatsikire kumwera. Bungwe la English Heritage, lomwe limasamala malowa, limati lingali linazingidwa ndi adani maulendo osachepera 13. Mu 1291 mfumu Edward I ya England inakhala ku Norham konkuno kumva mlandu wa anthu olimbirana ufumu wa Scotland, kamtsikana koyenera kulowa ufumuwo katamwalira mu 1290. Chaka chotsatira ufumu unapita kwa John Balliol, koma Edward anali atawagwadiritsa kale onsewo kuti amuvomere kukhala mbuye wawo. Anamuitana kudzaweruza, iye n'kukhaliratu pampando. Nkhondo zimene zinabuka pambuyo pake zinatenga mibadwo, ndipo njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu: midzi ya mbali zonse za Tweed inkatenthedwa mosinthanasinthana.

Tsidya ilo nkhani yake ndi ya munthu mmodzi, mfumu James IV ya Scotland. Mu 1497 anabwera ndi mzinga waukulu wotchedwa Mons Meg, womwe lero uli ku linga la Edinburgh, kudzagumula Norham, koma analephera. Cha m'ma 1500 anayamba kumanga tchalitchi cha Ladykirk. Anthu amasimba kuti anatsala pang'ono kumira powoloka Tweed, ndiye analumbira kuti amangira Mariya nyumba yoti moto kapena madzi osefukira asadzaiwononge. Kaya zinalidi choncho, koma tchalitchicho n'chamiyala yokhayokha mpaka denga, lofoleredwa ndi miyala yaphanthiphanthi yolemera zedi. M'dera lomwe adani amabwera ndi miuni chaka ndi chaka, sunafunike kumira kaye kuti uganize zomanga chotero. Mu 1513 James anabweranso, ulendo uno linga linagwa m'masiku ochepa. Sipanathe milungu iwiri, pa 9 Sepitembala, iye anaphedwa pa nkhondo ya ku Flodden, kufupi konkuno. Linga linakonzedwanso, koma pofika 1603, pamene James VI wa Scotland analowanso ufumu wa England, panalibenso womutchinga. Linangosiyidwa kuti mvula ndi mphepo zichite zawo. Patapita zaka 200, katswiri wojambula J. M. W. Turner ankabwera kudzajambula bwinjalo mobwerezabwereza.

Pa kasamalidwe ka nyumba zakale sindiona kusiyana kwenikweni. Ku England amaziika m'magulu a I, II* ndi II, ku Scotland amati A, B ndi C. Konseko, nyumba yako ikalowa m'kaundula, ngakhale zenera sungasinthe khonsolo isanavomere. Ndi yako pogula ndi pokonza denga likadontha, koma maonekedwe ake ndi a mtundu wonse.

Za matchalitchi, ife a ku Malawi timazimva msanga kuposa achinyamata ambiri akuno. St Cuthbert ndi ya Church of England, mpingo wa mabishopu, womwe mkulu wake pansi pano ndi mfumu ya dziko. Abale ake ndi Aangilikani athu aja a pa Likoma. Ladykirk inamangidwa ya Chikatolika, koma Scotland itasiya Chikatolika mu 1560 inagwera kumpingo wolamulidwa ndi akulu ampingo, wopanda bishopu. Ndiwo mtundu wa anthu amene anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Ine mwana wa CCAP, nditasuzumira m'kati mwa Ladykirk n'kuona makoma opanda zokongoletsa, ndinangomva ngati ndafika kwathu.

Koma chimene chinandiphunzitsa kuti awa ndi maiko awiri si miyala ayi, ndi munda wa balere.

Tsiku lina ndili tsidya la England ndinkatsata kanjira ka m'mphepete mwa minda. Ndinaona kuti ndikapatuka n'kukwera kamtunda kena, ndijambula bwino mtsinje ndi foni. Ndinapatukadi, osaponda mbewu, ndikungolambalala m'malire mwa munda. Sindinapite patali, ndinangomva kanjinga kamoto ka mateyala anayi kakubwera, galu ali chilili kumbuyo. Bambo wake anazimitsa injini, n'kundilonjera mwaulemu ndithu, kenaka anati, "Kodi mwasochera? Njira ili uko, pomwe pali kamuvi kachikasu." Sanakalipe, koma sanachokenso mpaka nditabwerera pakamuvipo. Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa ndi nzimbe za eni.

Mnzanga wa kuntchito, mayi wa tsidya la Scotland, nditamufotokozera anaseka mpaka misozi. Akuti ukanangowoloka mlatho, palibe akanakufunsa.

Zoona zake n'zakuti ku England malo ali ndi mwini, ndipo iwe woyenda pansi gawo lako ndi kanjira kolembedwa pamapu a boma basi. Kamuvi kachikasu ndi ka oyenda pansi, kabuluu amaloleza akavalo ndi njinga zakapalasa. Anthu anachita kulimbana kuti apeze ngakhale zochepazi: mu 1932 gulu la anthu ochokera m'matauni linakwera dala phiri la Kinder Scout popanda chilolezo, ndipo 5 anatsekeredwa m'ndende. Lamulo la mu 2000 linatsegula mapiri ndi madera ena osalimidwa, koma onse pamodzi ndi pafupifupi 8 peresenti ya dziko. Kuno kuchigwa cha tirigu ndi balere, lamulolo silikuthandiza kwenikweni. Ku Scotland, nyumba yawo ya malamulo, yomwe inayamba kukumana ku Edinburgh mu 1999, inakhazikitsa lamulo mu 2003 lotembenuza nkhani yonse. Uli ndi ufulu woyenda pafupifupi paliponse, kupalasa njinga, kupalasa bwato, ngakhale kukhoma tenti n'kugona usiku umodzi kapena uwiri, bola uchite mwaulemu. Pabwalo la nyumba ya munthu ayi, pakati pa mbewu ayi, galimoto ayi, galu pakati pa nkhosa zoyamwitsa ayi. M'malire mwa munda momwe ndinadutsa muja, tsidya ilo ndi mololedwa.

Mtima wanga unathamangira ku Scotland, ndipo mpaka lero uli komweko. Munthu wobadwira komwe njira yakudambo imadutsa m'munda mwa aliyense, n'kungoti "Odi, tadutsa nawo," savutika kumvetsa lamulo lotero. Komabe nditayendayenda ndaona kuti kanjira ka ku England sikochepa mphamvu monga ndinkaganizira. N'kopapatiza, koma n'kouma mutu. Kakalembedwa pamapu, mwini malo sangakatseke mwa iye yekha, kaya kakudutsa pakati pa munda kapena pakhomo pa khola. Mlimi akakalima podula mizere, lamulo limamupatsa masiku 14 kuti akabwezeretse. Pampanda uliwonse upeza kageti kapena timakwerero tamatabwa. Tsidya la Scotland ufulu ulipo wambiri, koma nthawi zina umafika pawaya waminga wopanda polowera, n'kumangozungulira ndi ufulu wakowo, nsapato zitadzaza matope. Kwa mlendo wa khungu ngati langali palinso china: ndikakhala pakanjira kolembedwa, mapu ali m'manja, palibe angandifunse chomwe ndikufuna kuno. Ndikakhala pakati pa msipu ku Scotland, lamulo lili kumbali yanga, koma ndimadzipezabe ndikukonzekera choyankha.

Anthu a m'midzi iwiriyi sazitengera kumtima zamalirezi. Amakwatirana, amagula m'sitolo imodzi, ndipo timu yampira ya Berwick Rangers, ya m'tauni ya ku England, imasewera mu ligi ya ku Scotland. Amangodziwa pomwe pali phindu. Mankhwala olemberedwa ndi dokotala ndi aulere ku Scotland kuyambira 2011, pamene ku England ambiri amalipira. Mowa ndiye kwina: kuyambira 2018 Scotland inaika mtengo womwe wogulitsa sangatsike kupitirira, choncho wotchipa amausaka tsidya lino la England. Kale achinyamata a ku England okanizidwa ukwati ndi makolo ankathawira pamlatho wa Coldstream, kumtunda kwa mtsinje womwewu, kukamangitsa ukwati m'kanyumba kolipirira msonkho tsidya la Scotland.

Mtsinje wokha ndiwo unakana kugawidwa. Nsomba ya salmon, yomwe imachoka kunyanja kukwera mtsinje kukaswana monga imachitira mpasa mu Bua, siidziwa mbendera, ndiye usodzi wa mu Tweed yense, ndi gombe la England lomwe, umayendera lamulo la ku Scotland. Lamulolo limaletsa kuwedza salmon Lamulungu. Lamulungu lapitali ndinaima pakati pa mlatho chakumadzulo: mabwato onse anali atakocheza, ndipo pamadzi panali kakowa mmodzi yekha, ataima ndi mwendo umodzi chakugombe la Ladykirk.