Manja m'chiuno sapatsa munthu ntchito, koma kukhumata kumafooketsa

Pali malangizo amene achinyamata ofuna ntchito amatumizirana kwambiri pa WhatsApp: usanalowe mu intavyu, kabisale penapake, uime miyendo motalikirana, manja m'chiuno, chifuwa patsogolo kwa mphindi ziwiri, mantha onse atha. Ine ndimati apa pali choona pang'ono, chotsalacho ndi kukometsa nkhani.

Nkhaniyi inayambira ku America mu 2010, pamene Dana Carney, Amy Cuddy ndi Andy Yap anayesa anthu 42 okha, nalemba kuti kaimidwe kotere kamakweza testosterone, homoni yachimuna, n'kutsitsa cortisol, homoni imene imachuluka munthu akapanikizika. Cuddy atakamba za izi mu 2012 pa TED, msonkhano umene mavidiyo ake amaonetsedwa pa intaneti, nkhani inafalikira ngati moto wolusa m'chilimwe. Koma mu 2015 Eva Ranehill ndi anzake anabwereza kafukufukuyo ndi anthu 200, ndipo mahomoni aja sanasinthe ayi. Anthuwo anangonena kuti akudzimva amphamvu pang'ono, basi. Mu 2016 Carney mwini wake analengeza poyera kuti sakukhulupiriranso zimene anapeza zija. Mbali imeneyi otumiza mavidiyo aja saitchula.

Chimene ndimachikhulupirira ndi mbali inayo, ya kuzyolika. Ku yunivesite ya Auckland, ku New Zealand, anatenga anthu 74, ena anawakhazika chowongoka, ena chokhota msana, onse n'kuwapatsa ntchito yoyankhula mowapanikiza. Okhala chowongoka anatuluka ali ndi mtima wabwinoko komanso odzidalira, pamene okhota msana aja ankachulutsa mawu achisoni poyankhula. Agogo athu analibe labotale, koma mwana akakhala ndwii, atagwira tsaya, ankamukalipira: "Wakhumatiranji ngati wafedwa? Tadzuka apo!" Ankadziwa kuti thupi likakhala ngati la munthu wa pamaliro, mtima nawo umatsatira komweko. Masiku ano timakhumata tokha popanda maliro, khosi lili pansi maola ambiri tikuyang'ana foni, kenako n'kumadabwa kuti tatopa ndi chiyani.

Koma pali pamene ndimatsutsana ndi aphunzitsi a kudzidalirawa. Iwo akaona munthu wawerama amati ndi wamantha. Kwathu kuno mwana amaleredwa kuti asayang'ane wamkulu m'maso, apereke chinthu ndi manja awiri, agwade kapena anyonyomale poyankhula ndi akulu. Mayi amene wagwada popereka moni kwa apongozi ake sanagonje kwa wina aliyense. Ndi yemweyo amene mawa aima pamsonkhano wa banki m'khonde n'kufunsa msungichuma kuti ndalama zapita kuti. Kugwada kwa ulemu munthu amachita kusankha. Kukhumata kumangomugwera.

Ndiye inu mabwana amene mumakhala pa mpando wofunsa mafunso, mnyamata wochokera ku Ntchisi kapena ku Nsanje akamayankha maso ali pansi, musathamangire kulemba kuti sadzidalira. Mverani zimene akunena. Mwina akukupatsani ulemu umene anaphunzitsidwa kwawo, ndipo mayankho ake angapose a mnzake wa m'tauni amene wakuyang'anani m'maso mpaka kumapeto osanena kanthu komveka.