Galu wa azakhali ku Mchinji ndi Spoti wanga kuno ku Chipata

Sabata latha ndinapita kukaona azakhali ku Mchinji ndipo mpaka lero chimene chili m'mutu mwanga ndi galu wawo basi. Mukudziwa kale kuti ife a ku Chipata Lilongwe ndi pakhomo, Lusaka ndiye kutali makilomita oposa 500 pa msewu wa Great East, koma Malawi ukangodutsa pa Mwami walowa, ndipo chitsegulireni boda yatsopano ija mu 2022 umangoima kamodzi chabe kudinditsa mapepala ulendo nkupitirira.

Galuyo dzina lake ndi Mudzatopa. Wofiirira, khutu limodzi logwa, mchira sukhala chete. Madzulo azakhali anaima pakhonde ndi mbale ya mkute nkukuwa kuti "Mudzatopaaa! Mudzatopa iwe!" mudzi wonse kumva. Ine kufunsa kuti azakhali dzina limeneli munaliganiza bwanji, iwo anangoseka nkuti, "Mwana wa achimwene, dzinali si la galu ayi, eni ake amalimva tsiku lililonse." Kumeneko nkutukwana kwaulemu, munthu wakunena miseche sumuyankha pamaso, umangoitana galu wako iye nkumva yekha. Ndinakondwa maningi chifukwa mwambo umenewu ndi wathunso, ambuya anga ku Katete anali ndi galu wotchedwa Adzanena ndipo tinkamuitana osadziwa kuti tikuponyera anthu mawu. Manje kuno mtauni, ku Kapata kumene ndikhala, galu aliyense ndi Tiger, Danger, Bingo, wanganso ndi Spoti, maina oti alibe nkhani mkati. Pa zimene ndaona ine kumidzi ya tsidya lija asungako bwino zimenezi kuposa ife a mtauni, ndipo zimandiwawa pang'ono kuti tikuzitaya.

Pa kadyedwe palibe wopambana mnzake. Galu wa ku Malawi ndi galu wa ku Zambia onse ndi a nsima, kusiyana nkwakuti Spoti amadya ya ufa wa roller meal ndi fumbi la kapenta lotsalira pansi pa thumba, pomwe Mudzatopa amamuphikira phala la madeya nkuwazamo bonya.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinachikonde ndipo ndinena poyera. Titapita ku Lilongwe kukagula zinthu ndinaona anyamata m'mbali mwa msewu atanyamula tiana ta agalu m'manja kuonetsa a magalimoto, dzuwa likuswa mtengo, kamwana lilime panja kopanda ndi madzi omwe, ena oti sanayenere nkomwe kuchoka kwa make. Ndikudziwa kuti anyamatawo akusaka ya ndiwo, ndipo a bungwe loteteza ziweto la LSPCA ku Lilongwe komweko amalimbana nazo zimenezi, komabe mtima unandipweteka. Kuno chimene ndinazolowera ine nchakuti galu wa aneba akaswa umakapempha, umadikira aleke kuyamwa, nkupereka kangachepe kapena nkhuku, mwanayo umamudziwa make ndi khalidwe lake lomwe. Spoti ndinamupeza choncho.

Pa nkhani ya katemera wa chiwewe ndiye anandichititsa chidwi. Azakhali khadi ya Mudzatopa amaisunga m'kapulasitiki limodzi ndi khadi yawo ya kutchalitchi, osaphonya chaka. Ku Blantyre a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anayamba mu 2015 kubaya agalu ambirimbiri mpaka kuyenda khomo ndi khomo, ndipo madotolo a ziweto amati agalu 70 pa 100 aliwonse m'dera akabayidwa matendawa amasowa poyenda. Kunonso a vetenale alipo ndipo chakumapeto kwa September, pa 28 paja, tsiku lokumbutsana za chiwewe padziko lonse, nkhaniyi imamveka pa wailesi, koma ambiri a ife timakumbuka galu akaluma mwana. Chiwewe si chamasewera abale, zizindikiro zikangoyamba munthu sachira. Galu akakuluma tsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15 nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba kufunsa kuti galuyo ngwa ndani. Ine nditangobwerako Spoti ndinamumanga chingwe nkupita naye kukabayitsa, analira njira yonse koma zinatheka.

Amphaka nawo. Azakhali wawo amamutcha chona, ife ana kunyumba amangoti pusi, koma mbali zonse ziwiri mphaka ali pa mlandu umodzimodzi, akangolira usiku padenga anthu ayamba kale kunong'onezana za ufiti. Ine ndimawaikira kumbuyo. Chona wa azakhali amagona pamwamba pa matumba a chimanga ndipo palibe thumba ndi limodzi lomwe lobooka, ndinamuona m'mawa atakhala pakhomo la kitchini akunyambita dzanja, khoswe wamkulu ali gone pambali pake, azakhali nkumuthirira timkaka m'chivundikiro cha chigubu ngati malipiro.

Apa ndiye mpofunika kuwakumbutsa ambuya athu Abemba, asuweni athu a nthabwala aja, amene satopa kutiseka kuti timadya makoswe. Khoswe ndi wa m'nyumba, ameneyo ndi wa mphaka, palibe amamudya. Mbewa ndi ya kumunda, imadya chimanga ndi mtedza, anyamata amakumba tikakolola nthawi ya chilimwe agalu ali pambuyo, kuchotsa matumbo, kuwiritsa ndi mchere, kuyanika, ndipo ukapeza kapuku wonona ndi nsima yotentha sufunanso nyama ina. Pamenepa ife ndi Amalawi ndife amodzi, kungoti iwo malonda ake amawadziwa, pa msewu wa M1 cha ku Dedza ndi Ntcheu anyamata amazipanira pa timitengo mondandalika bwinobwino nkumazikweza m'mwamba minibasi ikamadutsa, pomwe kuno ine ndimadikira msuweni wanga wakumudzi abwere nazo zokulunga m'pepala. Chimene ndimadana nacho mbali zonse ndi kutentha tchire pofuna mbewa, moto umapita mpaka kukapsereza udzu wofolerera nyumba ndi mitengo ya anthu.

Kumapeto kwa August azakhali akubwera ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete, monga amachitira Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo adzagona kwathu masiku awiri. Galu wa aneba ali ndi bere ndipo andilonjeza kale kamwana kamodzi, nthawi imeneyo kadzakhala katafika. Ndawaimbira azakhali dzulo kuti pobwera asaiwale botolo la Sobo wa chinanazi ndi Nali, komanso abwere ataganiziratu dzina.