Kenya inathamangira chuma, Tanzania inathamangira umodzi

M'zaka za m'ma 1970, Nairobi ndi Dar es Salaam atayamba kuyang'anana ndi diso lofiira, a ku Tanzania ankati Kenya ndi dziko limene munthu amadya munthu mnzake. A ku Kenya sanagone nalo yankho. Charles Njonjo, amene anali loya wamkulu wa boma, anati Tanzania ndi dziko limene munthu sadya kanthu. Anthu amaseka akamva nkhaniyi, koma ine ndimaona kuti onse awiri sankanama kwenikweni.

Mayikowa anachokera m'chimbudzi chimodzi cha utsamunda wa Britain, ngati mungandilole kunena choncho. Tanganyika, imene pambuyo pake inasanduka Tanzania, inalandira ufulu mu 1961, Kenya mu 1963. Anali ndi njanji imodzi, kampani imodzi ya ndege, ngakhale ndalama imodzi mpaka 1966. Chodabwitsa n'chakuti atsogoleri a mbali zonse ziwiri ankalumbira kuti akutsata sosholizimu ya chiafirika. Dzina linali lofanana, koma funso lakuti "ndalama ya boma ikakhala yochepa, iyambe yapita kuti?" aliyense analiyankha mwa yekha.

Kenya inalemba yankho lake poyera mu 1965, m'chikalata chotchedwa Sessional Paper No. 10 chimene nduna Tom Mboya anachitsogolera. Mfundo yake inali yakuti ndalama za chitukuko ziikidwe kumene zingabale zambiri: kumene kuli nthaka yachonde, mvula yokwanira, misewu ndi magetsi. Chuma chikakula, madera ena adzalandira pambuyo. Ndipo chuma chinakuladi. Alimi ang'onoang'ono, amene atsamunda anawatsekereza kwa nthawi yaitali kulima mbewu zogulitsa kunja, analowa mu ulimi wa khofi ndi tiyi. Bungwe la KTDA, limene linayamba mu 1964, linkagula masamba a tiyi kwa mlimi wa kamunda kakang'ono ndi kuwapititsa ku fakitale, mpaka Kenya inasanduka limodzi mwa mayiko ogulitsa tiyi wambiri padziko lonse. Pamenepa sindingawalande ulemu wawo.

Koma walira mvula walira matope. Minda imene azungu ankasiya sinagawidwe ulele, inkagulidwa. Amene anali ndi ndalama, kapena wodziwika kwa akuluakulu kuti apeze ngongole, ndiye anatenga malo aakulu, pamene ambiri mwa amene anamenya nkhondo ya Mau Mau m'nkhalango anatuluka chimanjamanja. Mu 1971 komiti ya Ndegwa, younika ntchito za boma, inalola ogwira ntchito m'boma kuchita mabizinesi awo ali pa ntchito. Taganizani munthu yemweyo kukhala wopereka chilolezo masana ndi wochipempha madzulo. Phungu J.M. Kariuki anachenjeza kuti Kenya ikusanduka dziko la anthu khumi olemera kwadzaoneni ndi opemphapempha mamiliyoni khumi. Mu 1975 mtembo wake unapezeka cha ku mapiri a Ngong. Nanga "pambuyo" paja pamene madera ouma analonjezedwa? Anthu a ku Turkana, Marsabit, Wajir ndi Mandera anadikira zaka makumi angapo msewu wa tala usanawapeze.

Julius Nyerere, pulezidenti wa Tanzania, anayambira kwina. Chilengezo cha ku Arusha cha mu February 1967 chitangotuluka, mabanki ndi makampani akuluakulu analowa m'manja mwa boma. Gawo limene ine limandigwira mtima ndi malamulo a atsogoleri: mtsogoleri wa chipani kapena wa boma sankaloledwa kukhala ndi masheya m'kampani, kubwereketsa nyumba kuti azilandira lendi, kapena kulandira malipiro awiri. Ikani pambali pa zimene Ndegwa analoleza patangopita zaka zinayi kutsidya kwa malire, muona kuti mayikowa ankaopa zinthu zosiyana. Kenya inkaopa umphawi wa dziko. Tanzania inkaopa kuti ena adzakwera pamsana pa anzawo.

Ndalama ndi mphamvu zake Tanzania inaziika pa zinthu zimene sizibweza phindu msanga. Chaka cha 1970 chinaperekedwa ku sukulu za kwacha, ndipo akuluakulu ambirimbiri anaphunzira kulemba ndi kuwerenga. Mu 1977 anayamba kulowetsa ana onse ku pulayimale. Zipatala zazing'ono ndi mijigo zinafika kumidzi. Chiswahili chinakhala chilankhulo cha sukulu ya pulayimale, cha ku nyumba ya malamulo ndi cha pa msonkhano, m'dziko la mitundu yoposa 120. Mphamvu za mafumu zinathetsedwa mu 1963. Ana osankhidwa ku sekondale ankatumizidwa kutali ndi kwawo, kuti Mchaga akagone chipinda chimodzi ndi Mmakonde. Komabe pofuna kuti aliyense apezeko pang'ono, boma linapanikiza sukulu za sekondale, malo anali ochepa kwambiri. Ku Kenya makolo ankasonkha okha ndalama pa misonkhano yothandizana yotchedwa harambee ndi kumanga masekondale awo, ena osalongosoka, koma ana ankalowa. Zaka zotsatira, aphunzitsi, akalaliki a ku banki ndi mamanenjala ochokera ku Kenya ankapezeka ponseponse m'chigawocho.

Pamene Ujamaa, sosholizimu ya Nyerere yoti anthu azikhala ndi kugwira ntchito limodzi ngati banja, unapunthwa kwambiri ndi pa mlimi. Midzi ya Ujamaa poyamba inali ya ofuna, koma anthu sanathamangire. Kuyambira 1973 mpaka 1976 boma linasamutsa anthu mamiliyoni ambiri mokakamiza, ena kukasiyidwa pa malo ouma kutali ndi minda yawo, nyumba zakale zitagwetsedwa. Mu 1976 linathetsa makopaletivi a alimi, amene ena anali olimba kuyambira nthawi ya atsamunda, ndi kuika mabungwe a boma ogula mbewu. Mabungwewo ankagula motchipa ndi kulipira mochedwa. Mlimi si chitsiru. Ena anachepetsa kulima, ena ankaolotsa khofi usiku kukagulitsa ku Kenya komweko kumene ankati anthu amadyana. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, sopo, shuga ndi mafuta zinali za pamzere kapena za kuseri kwa kauntala.

Sikuti zonsezi anabweretsa ndi Ujamaa wokha. Mitengo ya mafuta inakwera mu 1973 ndi 1979, kunagwa chilala, mgwirizano wa mayiko a kum'mawa kwa Afirika unatha mu 1977 malire ndi Kenya n'kutsekedwa mpaka 1983, ndipo nkhondo yochotsa Idi Amin ya 1978 mpaka 1979 inadya ndalama zosaneneka. Koma Nyerere mwiniwake, pounika zaka khumi za chilengezo chake mu 1977, anavomereza kuti Tanzania sinafike pa sosholizimu kapena pa kudzidalira. Atsogoleri angati amanena zotero ali pa mpando? Anatula pansi udindo mu 1985, ndipo chaka chotsatira Ali Hassan Mwinyi, amene anamulowa m'malo, anasaina pangano ndi IMF, bungwe lobwereketsa mayiko ndalama. Anthu anamupatsa dzina lakuti Mzee Rukhsa, mkulu wololeza zonse.

Mukawerengera ndalama imene munthu mmodzi amapeza, Kenya ili patsogolo mpaka lero, ndipo n'zosadabwitsa kuti M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, inaphukira kumeneko mu 2007. Koma chaka chomwecho chisanathe, chisankho chinabala ziwawa zimene zinapha anthu oposa 1,000 ndi kuthawitsa ena pafupifupi 600,000 m'nyumba zawo. Moto unayaka kwambiri ku Rift Valley, kumene nkhani ya malo ya m'zaka za m'ma 1960 inali isanathe. Katswiri wa zachuma Edward Miguel anayerekeza boma la Busia ku Kenya ndi la Meatu ku Tanzania, napeza kuti ku Busia sukulu za m'madera a mitundu yosakanizika zinkasonkha ndalama zochepa poyerekeza ndi za mtundu umodzi, pamene ku Meatu kusakanizikako sikunkasokoneza zosonkha. Umodzi umene Nyerere anaugula modula uja unali ukugwirabe ntchito iye atapita kale.

Ndikafunsidwa kuti ndikupendekera kuti, ndimati Tanzania inagula chinthu chovuta kuchipeza mochedwa. Misika inatsegulidwa m'zaka zochepa chabe, pamene kukhulupirirana pakati pa mitundu kumafuna m'badwo wathunthu. Koma ndisanamalize kuwomba m'manja ndimakumbukira kuti boma limene linazolowera kusamutsa anthu "powafunira zabwino" silinasiye msanga kuganizira anthu m'malo mwawo. Amene anaphedwa pa chilumba cha Pemba ku Tanzania mu January 2001 ndi amene anafa pa ziwonetsero za chisankho cha 2025 sanafe pa nkhondo ya mitundu, anafa pokangana ndi boma lawo. Ku Kenya, ndi phokoso lake lonse, khoti lalikulu linafafaniza chisankho cha pulezidenti mu 2017.

Lero aliyense akubwereka kwa mnzake mwakachetechete. Tanzania inafewetsa malamulo a atsogoleri aja ku Zanzibar mu 1991, ndipo nduna yokhala ndi nyumba za lendi si nkhaninso, ngakhale malo onse akadali m'manja mwa pulezidenti m'dzina la anthu. Kenya inachotsa fizi ku pulayimale mu 2003, ndipo malamulo aakulu a 2010 anagawa dziko m'makaunti 47, nalamula kuti alandire gawo losachepera 15 peresenti la ndalama za boma. Anakhazikitsanso thumba lapadera, theka la peresenti imodzi, loti lipititse madzi, misewu, zipatala ndi magetsi ku madera omwe aja amene chikalata cha 1965 chinati adikire.