Nomadland inakongoletsa kugona m'galimoto, koma mlendo ku America usatengeke nazo

Lendi ikangokwera kuno ku America, pamakhala wina pakati pathu amene amayambitsa nkhani yomweyi: bwanji osangogula vani, kuikamo matiresi, n'kumagona mommo, ndalama ya lendi izipita kumudzi? Ukafunsa komwe wazitenga nzeruzi, ndi pa YouTube kapena mufilimu ija ya Nomadland. Abale anga, filimu imeneyi ndi yabwino, palibe akutsutsa. Koma moyo umene ikuonetsawo ndi wa nzika zoyera khungu, zokhala ndi mapepala onse. Ife obwera tikautengera, tidzalira.

Nkhani yake ndi ya mayi wotchedwa Fern, amene amusewera ndi Frances McDormand. Amachokera ku Empire, katauni ka ku Nevada komwe kanali ka kampani ya US Gypsum. Fakitale itatsekedwa mu Januwale 2011, tauni yonse inafa, mpaka nambala yake ya ku positi inachotsedwa. Mayiyu mwamuna wake anamwalira, nyumba palibe, ndiye amalowa m'vani n'kumatsata maganyu: kulongedza katundu ku Amazon nyengo ya Khrisimasi, kutsuka zimbudzi pamalo ogona alendo ku Badlands, kugwira m'khitchini ya sitolo ya alendo ya Wall Drug, kukolola mbewu ya shuga ija ya sugar beet. Filimuyi inachokera m'buku la mtolankhani Jessica Bruder la 2017, ndipo anthu ena amene akuonekamo, monga Linda May, Swankie ndi Bob Wells, ndi enieni okhala m'magalimoto.

Katulukidwe kake kakupsetsa mtima ukakaganizira. Pa 11 Sepitembala 2020 inaonetsedwa ku Venice, komwe inatenga mphotho yaikulu ya Golden Lion. Tsiku lomwelo, chifukwa cha mliri wa Covid-19, inaonetsedwanso pabwalo la Rose Bowl ku Pasadena, anthu akuonera ali m'magalimoto mwawo. Kuonera amphawi ogona m'galimoto iwe uli m'galimoto yako yabwino, ikatha n'kuliza injini kukagona pabedi kunyumba! Inayenera kulowa m'makanema mu Disembala 2020, koma inachedwa mpaka pa 19 Febuluwale 2021, pomwe inatulukiranso pa Hulu, malo oonerapo mafilimu pa intaneti. Pa 25 Epulo 2021 inatenga ma Oscar atatu: filimu yopambana, wotsogolera wopambana, ndi wosewera wamkazi wopambana. Wotsogolerayo, Chloé Zhao, anabadwira ku Beijing, ndiye kuti nayenso ndi wobwera ngati ife, ngakhale sanabwere ndi chikwama chofanana ndi chathu.

Pamene anthu ankaombera m'manja kulowa kwa dzuwa kwa m'chipululu, eni ake moyowo anali pamoto. Wokhala m'vani amasamba ku jimu: amalipira madola makumi awiri ndi kanthu pamwezi pamalo ngati Planet Fitness, cholinga chake n'kupeza shawa basi. Foni amatchaja ku laibulale, intaneti amapezanso komweko, chimbudzi cha m'mawa ndi cha m'malo odyera. Mu Malichi 2020 zonsezi zinatsekedwa nthawi imodzi. Boma linkati khalani kunyumba, muzisamba m'manja pafupipafupi. Nyumba iti, madzi ati? Ndipo ndalama ya chithandizo ya madola 1,200 imene boma linkagawa inkafuna nambala ya Social Security, ija imaperekedwa kwa nzika ndi ololedwa kugwira ntchito. Obwera amene amakhoma msonkho ndi nambala ya ITIN, ya anthu opanda Social Security, sanalandire kanthu, ndipo ulendo woyambawo ngakhale nzika yokwatirana ndi munthu wotereyu, ngati analembera msonkho pamodzi, inamanidwa.

Koma tisiye za mliri, unapita. Chimene chimapha mlendo m'dziko lino ndi adiresi. Filimuyi sikhudzako n'komwe, poti Fern alibe mlandu ndi a immigration. Iwe amene si nzika, lamulo likuti ukasamuka uwadziwitse a USCIS, ofesi ya boma yoona za mapepala a obwera, pasanathe masiku 10, pa fomu ya AR-11. Ngati nkhani yako ili kukhothi la immigration, kumenekonso kuli fomu yake, EOIR-33, ndipo masiku ake ndi 5 okha. Tsono ulembapo chiyani, pamalo oimika magalimoto a ku Walmart? Kalata yokuitana kukadinda zala ikakuphonya, pempho lako amalitenga ngati walisiya wekha, ndalama unalipira ija yapita. Kalata ya tsiku la khothi ikakuphonya, woweruza atha kulamula kuti uthamangitsidwe m'dziko iwe kulibe, n'kudzazidziwa patapita chaka wapolisi atakuimitsa chifukwa cha getsi lakumbuyo lothima. Musadalirenso kuti a positi adzakutsatirani ndi kalatayo komwe mwasamukira. A USCIS eni ake amachenjeza kuti makalata awo satumizidwa pa adiresi yatsopano mwa njira imeneyo.

Adiresi yomweyo imafunikanso pa laisensi, pomwe madera ambiri amafuna mapepala awiri otsimikiza komwe umakhala. Banki imafuna adiresi ya pamsewu, bokosi la ku positi lokha salola. Inshuwalansi ya galimoto amaiwerengera potengera komwe galimotoyo imagona usiku. Ukanama kuti imagona kwa msuweni ku Indiana pomwe ili ku Arizona, tsiku la ngozi atha kukana kulipira. Nzika zokhala m'vani zili ndi njira yake: zimalembetsa ku South Dakota, komwe lisiti ya kugona usiku umodzi pamodzi ndi adiresi ya kampani yolandirira makalata zimakwanira. Njira imeneyo sithetsa vuto la munthu amene akudikira kalata yokhala ndi tsiku loti akaonekere.

Ndiye pali malo oimika. Ku Quartzsite, Arizona, komwe filimu ikuonetsa anthu atazungulira moto pamsonkhano wa Rubber Tramp Rendezvous, ndi malo a boma oyang'aniridwa ndi nthambi yoona za malo ya BLM. Pamalo otere umaloledwa masiku 14 ulere, kenako usunthe. Ofuna kukhala nyengo yonse yozizira ankagula chiphaso cha madola 180, choyambira pa 15 Sepitembala kufika pa 15 Epulo. Zotchipa, inde. Koma taonani mapu. Quartzsite ili kumpoto kwa Yuma, tauni ya kufupi ndi malire a Mexico, ndipo pamsewu wa 95 pakati pa matauni awiriwa pali rodibuloko ya a Border Patrol. Gogo woyera wa tsitsi la imvi amangomukweza dzanja kuti dutsani. Iwe ndi khungu lako ndi kalankhulidwe kako, konza mapepala. M'matauni namo, kugogoda kwa pawindo pakati pausiku sikutha mofanana kwa Fern ndi kwa mnyamata wakuda. Ndipo kuyambira mu Juni 2024, pomwe khothi lalikulu linagamula mlandu wa Grants Pass, makhonsolo ali ndi mphamvu yolipiritsa kapena kumanga ogona panja ngakhale kulibe malo ena oti apite. Masitolo a Walmart nawo si onse amalola kugonapo. Zimatengera bwana wa sitoloyo ndi malamulo a tauni.

Tinene kuti mapepala ako ali bwino ndipo wapeza poima. Kuzizira ndiye kukuyembekeza. Vani ndi chitsulo, kunja kukazizira mkati mumazizira chimodzimodzi pakangopita maola ochepa. Anthu amagula kahita ka gasi wa propane. Gasi ameneyu akamayaka amatulutsa nthunzi: kilogalamu imodzi imapereka madzi opitirira lita imodzi ndi theka. Onjezapo mpweya wako wa usiku wonse. M'mawa denga likudontha, mawindo aundana mkati, kunsi kwa matiresi kwachita nkhungu, chitsulo chayamba dzimbiri. N'chifukwa chake matiresi amafunika kukhala pa timatabwa tokhala ndi mipata, ndipo windo lizikhala lotsegukako pang'ono ngakhale kuzizire bwanji. Ukatseka paliponse kuti ufunde, ndi zija zimachitika kwathu mu Juni, banja likalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka chitseko. Mpweya wake wakuphawo, carbon monoxide, ulibe fungo. Kachipangizo kochenjeza za carbon monoxide ndi kotchipa kuposa thanki imodzi ya petulo, koma ambiri amakaiwala. Kugona injini ikulira, chipale chitatseka paipi ya utsi, nakonso kwapha anthu.

Magetsi ndi masamu ena. Batire wamba ya 100Ah umangogwiritsa theka lake, ukamaikhuthula yonse imafa msanga. Kafiriji kakang'ono ka 12V kokha katha kumaliza gawo lalikulu la thekalo patsiku. Sola imodzi ya 100W m'nyengo yozizira, dzuwa lili lotsika ndi masiku aafupi, siibweza zimenezo. Batire ya lithium imapirira, koma siitchajidwa kukazizira kupyola 0°C, imaonongeka. Ndipo ukalumikiza zonsezi ku batire yolizira injini, m'mawa galimoto siyaka. Chimbudzi ndi chidebe cha malita 19, pulasitiki mkati, utuchi kapena mchenga wa amphaka pamwamba. Apa pokha filimu sinabise.

Sinabisenso za garaja. Vani ya Fern itafa, makaniko anati kukonza ndi madola 2,300, galimoto yonse mtengo wake pafupifupi 5,000. Anatani? Anakakongola kwa mchemwali wake, amene ali ndi nyumba ndi chipinda chogona alendo. Apa ndi pamene oonera athu amadumpha. Vani ikalowa kwa makaniko, bedi lako, khitchini yako ndi njira yopitira kuntchito zalowa limodzi. Mchemwali wako ali ku Mchinji, ndipo ndi iyeyo akudikira iwe kuti umutumizire ya feteleza.

Maganyu aja nawonso amafuna fomu ya I-9, yotsimikiza kuti uli ndi chilolezo chogwira ntchito. Wa viza ya sukulu ya F-1 amaloledwa maola 20 pasabata, pasukulu pomwepo, ndiye za kutsata zokolola ku Nebraska aziiwale. Amene ali ndi chilolezo ndipo lendi yamukulira, afunefune chipinda chogawana ndi anzake, anthu atatu kapena anayi m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo aonetsetse kuti dzina lake lalembedwa pa pangano la lendi kapena pa bilu ya magetsi, komanso pabokosi la makalata pakhomo. Wonyamula makalata akapanda kuona dzinalo atha kubweza envelopu ya boma komwe yachokera.