Mphunzitsi amene sankachita manyazi kunena kuti “sindikudziwa”

Tatsegulani Genesis 28:5. Isake akutumiza Yakobo ku Padanaramu kwa Labani, mlongo wake wa Rebeka, ndiye vesilo likuwonjezera kuti Rebekayo ndi mayi wa Yakobo ndi Esau. Ndani sakudziwa zimenezo? Kubadwa kwa mapasawa tinawerenga kale pa mutu 25. Nanga kubwerezako n'kwa chiyani?

Rashi, yemwe ndemanga zake ana achiyuda amayambira akamaphunzira mabuku a Mose, atafika pamenepa anangolemba kuti sakudziwa chimene mawuwa akutiphunzitsa. Basi, n'kupitirira. Ine ndimamulemekeza kwambiri pa kamzere kameneka kuposa pa masamba ambiri amene anayankha bwino.

Musaganize kuti anali munthu wosaphunzira. Dzina lake lonse ndi Rabi Shlomo Yitzchaki. Anabadwira ku Troyes, m'dziko la France, mu 1040, anakaphunzira ku Worms ndi ku Mainz m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, kenako anabwerera kwawo n'kutsegula sukulu yake. Pomwe ankamwalira mu 1105 anali atalembera ndemanga pafupifupi Malemba onse achiheberi komanso mbali yaikulu ya Talmud, mtolo wa mabuku a mikangano ya aphunzitsi akale achiyuda pa malamulo. Buku loyamba lachiheberi losindikizidwa lokhala ndi chaka chake, la mu 1475 ku Reggio di Calabria, ndi ndemanga zake pa mabuku asanu a Mose. Akapeza liwu lovuta, ankalemba tanthauzo lake m'Chifalansa chimene anthu ankalankhula pamsika, koma ndi zilembo zachiheberi, kuti wophunzira asatsalire. Munthu wotere akanafuna kupeka yankho pa Genesis 28:5, akanamutsutsa ndani?

Kwathu kuno timati safunsa anadya phula. Zoona. Koma za wofunsidwa sitinenapo kanthu. Ndakhalapo m'makalasi a Baibulo momwe mwana akafunsa funso lovuta, mphunzitsi amayamba kuzungulirazungulira mpaka nthawi ithe, apo ayi amamuuza kuti mafunso otero ndi a anthu opanda chikhulupiriro. Kuvomera kuti “ichi chandikanika” timakuona ngati kuvula pagulu. Mapeto ake wofunsa uja phula amadyabe, koma lochita kupatsidwa ndi mphunzitsi wake.

Ena anena kuti mtsogoleri akayamba kuvomera umbuli anthu amupeputsa. Onani zimene zinachitika m'nyumba ya Rashi. Analibe mwana wamwamuna, koma ana ake aakazi anamuberekera adzukulu omwe anadzakhala akatswiri, monga Rashbam ndi Rabbeinu Tam. Adzukuluwa sankaombera m'manja chilichonse chimene agogo awo ananena. Mukatsegula tsamba la Talmud lero, mawu a Rashi ali m'mphepete chamkati, ndipo chakunja kuli Tosafot, ndemanga za adzukulu ake ndi ophunzira awo, zomwe kawirikawiri zimayamba n'kuonetsa pomwe mkuluyo sanakhoze. Zaka mazanamazana agogo ndi adzukulu akukanganabe pa tsamba limodzi, ndipo dzina la Rashi silinachepe ayi. Ngakhale kabokosi ka mezuza kamene Ayuda amakhoma pa mphuthu ya chitseko: Rashi ankati kaimirire, Rabbeinu Tam ankati kagone. Ayuda ochokera ku Ulaya ambiri amakakhoma chopendekeka, kuti onse awiri asanyozeke.

Rashbam analemba yekha, pa ndemanga yake ya Genesis 37:2, kuti anatsutsana ndi agogo ake maso ndi maso. Ndiye mkuluyo anavomera kuti akanakhala ndi nthawi akanalembanso ndemanga zina, potsatira matanthauzo amene amatulukira tsiku ndi tsiku. Munthu wa imvi, buku lake likukoperedwa kale m'mizinda yambiri, akuuza mdzukulu wake zimenezo. Ndiuzeni m'makomentimu, ndi liti munamvapo abusa anu kapena aphunzitsi anu akuyankha kuti “sindikudziwa”?